KULONDOLA MAPAZI A MAGETSI M'MAKINA AKALE

Pa ntchito zonse zamanja, palibe imene imayesa mtima wa munthu koposa yofufuza vuto la magetsi. Mmisiri wa matabwa amauona mng'alu ndi maso, womanga nyumba amaliona khoma likapendama, koma magetsi saoneka, ndipo akathawa sasiya uthenga wonena kumene alowera. Chimene mwini makina amadziwa n'chakuti dzulo ankagwira ntchito, lero angoti zii.

M'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, kuchokera ku Chipoka kudzera ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, moyo wa anthu ambiri watsamira pa zida zoyendera magetsi. Wogulitsa chambo amadalira firiji, mwini chigayo amadalira mota, malo ogona alendo amadalira pampu ya madzi ndi jenereta, ndipo asodzi a usipa, amene kale ankayatsa nyali za parafini, ambiri masiku ano amanyamula mababu ndi mabatire. Zambiri mwa zida zimenezi n'zakale, zina zidagulidwa zitagwira kale ntchito kumaiko akutali. Zikadwala, ndalama imaonongeka kawiri. Nsomba zimaola, ndipo mmisiri wongolota amauza mwini wake kuti agule zitsulo zitatu zatsopano pamene vuto lidali pa kawaya kamodzi.

Luso lolondola vuto limaphunziridwa msanga pa makina amene ziwalo zake zili poyera, pamene wophunzira angathe kuona ndi maso chimene chikukoka chinzake. Pa makina otere, ndi ochepa amene angapose makina akale a masewera otchedwa pinball. M'Malawi muno ndi osowa, ndipo ambiri adawadziwira pa kompyuta, m'masewera aja a Space Cadet amene ankabwera pamodzi ndi Windows XP. Achikulire akukumbukira wachibale wake, jukubokosi imene inkaimba malekodi m'mabala munthu akaponyamo ndalama yachitsulo. Komabe matenda a makina amenewa ndi omwewo a firiji ndi chigayo, ndipo amene wawazindikira pano savutika akakumana nawo kwina.

Kwawo ndi ku Chicago

Makina a pinball ndi bokosi lalitali la miyendo inayi, lovundikiridwa ndi galasi, ndipo kumutu kwake kuli bokosi lina loimirira loonetsa manambala a wosewera. Pansi pa galasilo pali thabwa lopendekeka pamene kampira kachitsulo, kosakwana masentimita 3 m'mimba mwake, kamagubuduzika kutsetserekera kwa wosewera. Iye amakabweza ndi timikono tiwiri toyendera magetsi, ndipo kakagunda apa ndi apo mabelu amalira, mababu amathwanima, manambala n'kumakwera.

Masewerawa adaphuka kuchokera ku ena akale a ku France otchedwa bagatelle. M'chaka cha 1931 David Gottlieb wa mumzinda wa Chicago ku America adatulutsa Baffle Ball, kabokosi koponyamo ndalama kopanda magetsi konse. Magetsi adalowamo mu 1933, pamene Harry Williams adakonza makina otchedwa Contact, okhala ndi belu ndi chitsulo chokankha kampira. Timikono tidabwera mu 1947 pa makina a kampani ya Gottlieb otchedwa Humpty Dumpty. Mzinda wa New York udaletsa masewerawa kuyambira 1942 mpaka 1976 powayesa juga, ndipo chiletsocho chidachotsedwa Roger Sharpe ataonetsa pamaso pa makhansala kuti kampira kamamvera luso la wosewera.

Kufikira cha m'ma 1977 makinawa ankaganiza ndi zitsulo zokhazokha: maswichi mazanamazana, mawilo a manambala, ndi mota imodzi yozungulira pang'onopang'ono imene inkagawira chiwalo chilichonse nthawi yake. Pambuyo pake makampani a Bally, Williams ndi Gottlieb adaikamo tibodi ta kompyuta. Makina a dzina la Gottlieb adaleka kupangidwa mu 1996, a Williams mu 1999. Mmisiri wa kuno amene wakumana nawo sangathamangire ku sitolo kukagula chiwalo chatsopano, motero amakakamizika kuganiza asanamasule kanthu.

Ngalande za magetsi

Mlimi wa mpunga ku Lifuwu akaona kuti madzi sakufika m'munda mwake sayamba ndi kukumba mundawo. Amayenda m'mbali mwa ngalande kuchokera kumene madzi amalowera, akuyang'ana pamene pali madzi ndi pamene pauma, podziwa kuti malo otsekeka ali pakati pa ziwirizo. Wofufuza vuto la magetsi amayenda ulendo womwewo, ndipo diso lake ndi mita yoyezera magetsi.

Magetsi amalowa m'makina a pinball potsata njira imodzi. Amachoka pa soketi ya pakhoma, kudzera m'pulagi ndi m'chingwe, kufika pa swichi yoyatsira ndi pa fyuzi yaikulu, kenaka kulowa m'thiransifoma imene imakhala pansi m'bokosimo. Thiransifoma, imene imagwira ntchito potsata lamulo limene Michael Faraday adalitulukira mu 1831, imatsitsa mphamvu ya magetsiwo n'kuigawa m'ngalande ziwiri. Yoyamba, ya mavoliti pafupifupi 6, imayatsa mababu. Yachiwiri, ya mavoliti a pakati pa 24 ndi 50 malinga ndi kampani, imadyetsa makoilo. Koilo ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri, amene amasanduka maginito magetsi akamadutsamo, n'kukoka kachitsulo kamene kamakankha kampira, kuliza belu kapena kutembenuza wilo la manambala. Koilo yaing'ono imene ntchito yake n'kutseka ndi kutsegula maswichi ena imatchedwa relay. Ngalande iliyonse ili ndi fyuzi yakeyake, ndipo mitolo ya mawaya yochokera kumutu, pathabwa ndi pansi imakumana pa mapulagi a mano ambiri otchedwa Jones.

Amene waisunga njirayi m'mutu amachepetsa malo ofufuza asanagwire chida chilichonse. Makina akakhala opanda kuwala ngakhale phokoso, ulendo uyambire pakati pa khoma ndi thiransifoma. Mababu akamayaka koma popanda choyenda, ndiye kuti thiransifoma ikulandira magetsi, ndipo yokaikitsa ndi ngalande ya makoilo. Zitsulo zikamayenda mu mdima, ndi ngalande ya mababu. Kumutu kukafa pamene pathabwa pali moyo, maso apite pa mapulagi a Jones. Kakakhala kamkono kamodzi kokha kamene kafooka, n'kutaya nthawi kuimba mlandu thiransifoma, pakuti vuto lili pafupi ndi kamkonoko. M'makina ena mulinso kaswichi pachitseko choponyera ndalama, kamene kadaikidwa kuti kazidula masewera munthu akamenya bokosi. Kakapindika, makina athanzi amaoneka ngati akufa.

Koma chida choyamba cha mmisiri ndi pakamwa, pakuti safunsa adadya phula. Kodi makinawa adaleka liti? Adaleka akuseweredwa, kapena adakana kuyaka m'mawa? Kodi usiku wake kudagwa mvula ya ziphaliwali? Adasunthidwa pamalo? Ndani adatsegulamo komaliza? Yankho la funso lotsirizali ndilo limafupikitsa ntchito kawirikawiri, chifukwa mavuto ambiri a m'makina akale adasiyidwa ndi dzanja la munthu amene adayesa kuwakonza.

Mlendo ndi magetsi a kuno

Poyerekeza, mwini malo ogona alendo ku Senga Bay atagula makina otere kuti alendo azisangalala nawo madzulo, vuto lake loyamba lingadze asanaponyemo ndalama ndi imodzi yomwe. Magetsi a m'nyumba ku America ndi a mavoliti 120, pamene a ku Malawi ndi a mavoliti 230. Makina opangidwira ku America akalumikizidwa mwachindunji pa soketi ya kuno, chiwalo chilichonse chimalandira pafupifupi kawiri mphamvu imene chidapangidwira. Mababu amapsa onse nthawi imodzi, ndipo fyuzi ikachedwa, thiransifoma imatuluka utsi. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amawerenga zolembedwa pa thiransifoma asanagwire pulagi. Makina amene adapangidwira misika ya ku Ulaya ali ndi malo olumikizapo mavoliti 220 kapena 240. Amene alibe malo otere amafuna thiransifoma ina yapadera yotsitsa magetsi, ya mphamvu yokwanira.

Palinso kusiyana kwina kobisika. Magetsi a pasoketi amapita n'kubwerera, ndipo ku America amatero maulendo 60 pa sekondi, kuno maulendo 50. Mota imene idapangidwira maulendo 60 imachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 ikafika kuno, motero manambala amawerengedwa mwaulesi ngakhale palibe chaonongeka. Thiransifoma nayo imatentha koposa kwawo, chinthu chosayenera kuchinyozera m'dera limene mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo.

Msampha woopsa koposa uli pa mitundu ya mawaya. Pa zingwe za kuno za masiku ano, waya wa bulauni ndiye wamoto, wa buluu ndi wobwerera, ndipo wobiriwira wa mizere yachikasu ndi wopita pansi. Pa zingwe zakale za mtundu wa ku Britain, wofiira ndiye adali wamoto, wakuda wobwerera. Koma ku America wakuda ndiye wamoto, woyera ndiye wobwerera. Mmisiri amene adazolowera kuti waya wakuda alibe ukali angalumikize mosemphanitsa, swichi ndi fyuzi n'kukhala pa waya wolakwika, ndipo makinawo amakhala ndi moto m'kati ngakhale atazimitsidwa. Mtundu wa waya usakhulupiriridwe mita isanavomereze.

Nthawi zina makina amakhala osalakwa, odwala ali magetsi enieniwo. Kuyambira 1966, pamene malo opangira magetsi a Nkula adatsegulidwa, gawo lalikulu la magetsi a dziko lino lakhala likuchokera mumtsinje wa Shire, umene umatunga madzi m'nyanja yomweyi. Madzi a m'nyanja atatsika mu 2016 ndi 2017 magetsi ankathimathima, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'nyengo zotero malo ambiri amathawira ku jenereta, imene mphamvu yake imakwera ndi kutsika malinga ndi katundu amene yasenza. Mu 2021 ku Salima kudatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60. Koma ngakhale magetsi atachuluka chotani, mtunda wotsiriza ndiwo umavuta: chingwe chachitali chopyapyala chochokera kunyumba ina, soketi yogwedera, kapena wootcherera zitsulo wa pafupi amene akamagwira ntchito mababu a anansi onse amaphethira.

Magetsi akachepa, timikono timafooka ndipo marelay amanjenjemera. Motero mmisiri amayeza pasoketi kawiri, makina ali ozima ndiponso ali kugwira ntchito. Nambala ikatsika kwambiri makina akangoyatsidwa, ndi bwino kuona zakukhoma kaye bokosi lisanatsegulidwe.

Wakutsina khutu ndi mnansi

Fyuzi ndi kawaya kopyapyala kamene kadapangidwa dala kuti kazisungunuka magetsi odutsa akapitirira muyeso. Ndicho chiwalo chotsika mtengo koposa m'makina onse, ndipo chimalola kufa kuti thiransifoma, mawaya ndi nyumba zipulumuke. Fyuzi ikapsa, yamtsina khutu mwini makina kuti penapake pavuta. Mmisiri asanafunse kumene angapeze ina, ayenera kufunsa chimene chaipsereza yoyambayo.

Masamu ake ndi omwe aja a m'kalasi, lamulo limene Georg Ohm adalisindikiza mu 1827, lakuti kuchuluka kwa magetsi odutsa kumapezeka pogawa mavoliti ndi maohmu. Koilo ya maohmu 10 pa ngalande ya mavoliti 25 singakoke koposa maampu 2.5, ndipo imatero kwa kamphindi chabe, monga kuphethira kwa diso. Koma swichi yake ikakakamira, koiloyo imangokokabe mpaka kutentha. Utoto wopyapyala wolekanitsa mawaya ake umasungunuka, mawayawo n'kukhudzana, ndipo maohmu 10 aja angathe kutsika kufika pa 1. Tsopano ikufuna maampu 25, ndipo fyuzi ya maampu 10 iyenera kuduka. Amene angoikamo fyuzi ina adzaiona ikupsanso. Amene asintha koilo osayang'ana swichi adzaotcha koilo yatsopano tsiku lomwelo. Mlandu wonse udayambira pa timalilime tiwiri tachitsulo timene tidakana kulekana.

Chitsanzo chodziwika chili pa timikono. Koilo ya kamkono imamenya ndi mphamvu yonse, koma kamkonoko kakafika pamapeto kamatsegula kaswichi kamene kamachepetsa magetsi odutsamo, kuti wosewera athe kukagwirizira m'mwamba popanda choopsa. Kaswichiko kakapanda kutseguka, mwana amene wapanikiza batani nthawi yaitali amaphika koilo yonse osadziwa.

Pamenepa ndi pamene amisiri ena amachimwira ntchito yawo. Fyuzi ikapsa kachitatu, amakulunga yakufayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo msomali ngakhale waya wokhuthala. Makina amayaka, mwini wake amalipira mokondwa, mmisiri n'kumapita. Vuto latsala pomwepo, chachoka ndi mlonda yekha. Kutentha kumene kukadathera m'kagalasi ka fyuzi tsopano kumafalikira m'mitolo ya mawaya okutidwa ndi nsalu, m'bokosi la matabwa ouma, ndipo m'mphepete mwa nyanja malo ambiri ochezera ndi ofoleredwa ndi udzu. Fyuzi ilowedwe m'malo ndi inzake ya nambala yomweyo ndi mtundu womwewo, pakuti ina idapangidwa kuti iduke msanga, ina kuti ipirire kukoka kwa kamphindi kwa mota ndi makoilo.

Kupeza shoti popanda kutha mafyuzi kuli ndi njira zake. Yoyamba ndi maso ndi mphuno: koilo yopsa imasintha mtundu, pepala loikuta limada, ndipo fungo lake siliiwalika. Yachiwiri ndi kugawa. Mmisiri amazula mapulagi onse a Jones n'kumabwezera imodziimodzi, akuzimitsa makina ulendo uliwonse, mpaka itapezeka imene yabwera ndi vutolo, ndipo pamenepo wadziwa chigawo choti afufuze. Yachitatu ndi ya okonza mawailesi akale. Babu la mawati 100, la mtundu wakale uja wa kawaya m'kati, limalumikizidwa mondondozana ndi makinawo pa waya wamoto, kuti magetsi onse olowa adutse m'babumo. Mafyuzi a ngalande ziwiri zija atachotsedwa, babulo liyenera kuwala mofooka kapena osawala konse. Likawala kotheratu, shoti ili m'thiransifoma kapena m'mawaya ofika pa iyo, ndipo babulo lasenza katunduyo popanda kanthu kupsa.

Fyuzi imathanso kunamiza maso. Kawaya kangaduke kumapeto, kobisika ndi chipewa chachitsulo, galasi likuoneka loyera. Iyenera kuchotsedwa pamalo pake n'kuyezedwa ndi mita. Tizitsulo toigwira natonso timatopa ndi zaka, timachita dzimbiri, ndipo fyuzi yamoyo imakhala m'menemo osapititsa kanthu.

Adani a kugombe

Makina amene galasi lake likunyezimira angakhale ndi mudzi wathunthu m'kati, monga muja adanenera akale za chikomekome cha nkhuyu. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, choncho dzimbiri la kuno silithamanga ngati la ku Beira kapena ku Dar es Salaam, koma chinyontho cha m'dzinja chimakwanira kudetsa mano a mapulagi ndi nsonga za maswichi. Nsonga yakuda imakaniza magetsi, pamene pali kukaniza pamatentha, ndipo kutenthako kumaidetsanso nsongayo, mpaka tsiku lina njira itatsekeka. Mu 2024 nyanja idadzaza mpaka madzi kulowa m'malo ena ogona alendo. Chida chimene chanyowa chotero chiyenera kutsukidwa matope n'kuuma masiku ambiri chisanaonenso magetsi.

Mwera wa m'miyezi yozizira umaulutsa mchenga wosalala umene umalowa paliponse. Nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala, n'kufera m'mabowo a bokosi. Mphemvu zimakonda kufunda kwa thiransifoma, nalimata amagona pa nsonga za mawaya n'kuzilumikiza ndi thupi lake, makoswe amatafuna nsalu yokuta mawaya, ndipo chiswe sichinyoza matabwa chifukwa choti adachokera kunja.

Mankhwala a zonsezi ndi ouma. Nsonga za maswichi zimayeretsedwa podutsitsa kapepala kolimba pakati pake, kapena kafayilo kosalala pa zimene zapsa kwambiri. Mafuta opopera aja othetsa dzimbiri asafike m'makinawa, chifukwa amakoka fumbi, ndipo mpweya wake umayaka pamene maswichi amathetheka moto ulendo uliwonse akatseguka. Bokosi likhale patali ndi khoma lonyowa. Pulagi izulidwe mitambo ya ziphaliwali ikadza, ndiponso magetsi akathima, kuti akabwerera mwaukali asapeze khomo lotsegula.

Makina a tibodi

Makina a m'badwo wachiwiri ali ndi ngalande yachitatu. Kompyuta yake imafuna mavoliti 5 osagwedezeka, amene amapezeka powongola magetsi a thiransifoma kuti aziyenda njira imodzi, n'kuwasalaza ndi kapasita yaikulu. Kapasita imauma ndi ukalamba, makamaka kumalo otentha. Ikafooka, makina amazima n'kuyambanso okha pakati pa masewera, kawirikawiri wosewera akamenya timikono tonse tiwiri pamodzi, chifukwa kukoka kwa makoilo kwagwetsa mavoliti 5 aja. Wosadziwa amaimba mlandu kompyuta n'kuyamba kufunsa mtengo wa bodi yatsopano, pamene mita ikadamuuza zoona m'mphindi imodzi.

Pabodi pamakhalanso mabatire osunga manambala makina akazimitsidwa. Akaiwalika zaka zambiri amatuluka madzi amene amadya tinjira ta kopa, n'kusiya zoyera kapena zobiriwira. Mabatirewo achotsedwe, malo odyedwawo atsukidwe ndi viniga wothira madzi, kenaka ndi madzi oyera, aume bwino, ndipo atsopano aikidwe patali ndi bodi. Makina a Bally a zaka zoyambirira za m'badwowu ali ndi kababu pabodi kamene kamaphethira maulendo 7 poyatsa, ulendo uliwonse kutanthauza kuti chiwalo china chayesedwa n'kupezeka bwino. Kakalekera pa 6, kawirikawiri ndiye kuti mavoliti 43 a makoilo sakufika, ndipo koyamba kuyang'ana ndi pa fyuzi yake. Makinawo amanena okha pamene pakupweteka, kwa amene wadekha n'kuwerenga.

Moyo ndi umodzi

Magetsi amene angaimitse mtima wa munthu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene amayatsa babu limodzi lakale la m'nyumba. M'makina ena akale magetsi a pakhoma amafika mpaka pachitseko choponyera ndalama, pamene mwana amagwira. Manambala owala a makina a Bally a tibodi amayendera mavoliti 190, ndipo kapasita imasunga moto makina atazimitsidwa kale. Munthu wochokera kunyanja, wonyowa mapazi, woima pasimenti, ndiye njira yofupika imene magetsi amaifuna popita pansi.

Chifukwa chake pulagi izulidwe dzanja lisanalowe m'bokosi. Mphete ndi wotchi zivulidwe, nsapato zikhale zouma, ndipo poyeza makina amoyo dzanja limodzi likhale kumbuyo. Makina ambiri akale adabwera ndi chingwe cha mawaya awiri okha. Chimenechi chisinthidwe ndi cha atatu, ndipo waya wopita pansi alumikizidwe ku zitsulo zonse zimene wosewera amakhudza. Ntchito ya mawaya a m'khoma ndi ya munthu amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo za pamtengo wa magetsi ndi za ESCOM yokha.

Kuchokera m'kalasi kupita kudoko

Mphunzitsi wa sayansi safunika kudikira makina a ku Chicago kuti aphunzitse zimenezi. Mabatire awiri, msomali wokulungidwa ndi waya, mababu a tochi, timalata todulidwa ku chitini ndi thabwa limodzi n'zokwanira kumanga ngalande ziwiri, ina ya kuwala, ina ya maginito. Ana akatuluka, mphunzitsi abise vuto limodzi: kapepala pakati pa nsonga za swichi, waya woduka m'kati mwa chikopa chake, kapena batire lotembenuzidwa. Gulu lililonse lifufuze, koma lamulo likhale lakuti palibe wosintha chiwalo asanalembe chimene akuyeza, chimene akuyembekeza kupeza, ndi chimene wapeza. Ana amene amaloweza lamulo la Ohm pofuna mayeso okha amaliiwala mayeso akatha, koma amene adalipeza nalo vuto ndi manja awo amalisunga mpaka kukula.

Kwa wotsiriza sukulu amene sadapeze malo ku yunivesite, njirayi ndi yotseguka. Sukulu ya ntchito zamanja ya Salima Technical College ili m'boma lomweli, ndipo bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro otere m'dziko lonse. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi a pamawaya. Nyumba iliyonse imene yaonjezereka pa chiwerengerocho, ndi denga lililonse limene laikidwa chotengera mphamvu ya dzuwa, zimabwera ndi zida zimene tsiku lina zidzafuna wozikonza. Zoyambira ntchitoyi si zambiri: mita, masikuludiraiva, pulayala, chootcherera mawaya, ndi kope lolembamo zimene zayezedwa pa ntchito iliyonse.

Firiji ya wogulitsa nsomba ikaleka kuziziritsa usiku wa Novembala, chambo cha masiku awiri chili m'kati, mafunso amakhala omwe aja a pa pinball. Kodi pasoketi pali mavoliti angati? Kodi akufika pati, ndipo akulekera pati? Chapsereza fyuzi n'chiyani? Mwini wake amakhala ataima pafupi, akufuna kuti iyake msanga mwa njira iliyonse, ndipo msomali uli pomwepo. Apa ndi pamene mmisiri amadziwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wadekha, nayeza, napeza chenicheni, nasiya fyuzi yoyenera pamalo pake, ndiye amene dzina lake limatchulidwa padoko firiji ina ikavuta.